Tsamba Lotsiriza la Buku Lobiriwira

Lolemba, 6 Okutobala

Dzuwa likuswa mtengo. Penti akuuma pabulashi ndisanamufikitse pachikwangwani. Koma lero sindikudandaula. Lero ndikuyenda ngati mapazi sakugunda pansi!

Ndili pamakwerero, ndikukonzanso zilembo pasitolo ya Che Amidu, aja amagulitsa zinthu zakale kumashopu a kumunsi kwa tauni. Ndi iwo anandigulitsa buku lobiriwira zaka ziwiri zapitazo. Monga mwa masiku onse ndikuwadandaulira za tsamba lake losowa. Iwo akutokosa m'mano, kenaka akuti: "Katoni ya mabuku aja ndinaitenga ku Kasenengwa, kwa Anaphiri, akazi a malemu aphunzitsi a Zulu. Pakhoma pawo panali chithunzi cha mzimayi wovala zabuluu, nyenyezi kumutu, pepala lofiirira ngati la buku lanulo. Koma ine zithunzi za anthu sindiyang'anitsitsa."

Zaka ziwiri muli chete, Che Amidu! Ndatsala pang'ono kugwa pamakwerero.

Ndilembe bwinobwino, mwina ana anga adzawerenga n'kumvetsa chimene chinazunguza mutu wa atate awo. Chuma changa ndi mabuku asanu ndi awiri a nthano za kutsidya kwa nyanja, akalekale, a zithunzi zojambula pamanja. Amagona m'bokosi lachitsulo, pansi pake masamba a nimu chifukwa cha chiswe:

– lofiira, la nkhalango ndi mimbulu. Mphemvu zinalawako chikuto
– awiri abuluu, amene asisitere ena ankafuna kukolezera moto
– lalikulu la golide m'mphepete. Chilankhulo chake sindichidziwa, ndimangowerenga zithunzi
– awiri ang'onoang'ono, onunkha ngati kabati ya mankhwala
– ndi lobiriwira.

Lobiriwiralo ndi lomwe lija la m'kabati ya pasukulu yathu ndili Giredi 4. Chidindo chikuonekabe. Ndi limene linandiphunzitsa kugwira pensulo, mpaka lero ndikudyera bulashi. Nthano yake yotsiriza ndi ya mtsikana, mwana wa mmisiri wosula mabelu. Mphepo yaba kulira kwa belu la atate ake, iye n'kuyenda m'chipale chofewa (ndili mwana ndinkati ndi ufa) mpaka kunyumba ya Mfumukazi ya Mphepo. Akugogoda. Tsamba 96 likutha ndi mawu akuti chitseko chinatseguka. Basi! Tsamba 97, la chithunzi cha Mfumukaziyo kutsogolo ndi mathero a nthano kumbuyo, winawake analidula. Aphunzitsi a Zulu anati ndine, poti ndine ndinkakonda bukulo. Zikoti zitatu, anzanga onse akuona. Zaka makumi asanu tsopano mtsikana uja ali chiimire pakhomo paja, ine ndili kumbuyo kwake.

Pulani:

1. Lachitatu, ku Kasenengwa.
2. Lachinayi, kumata tsamba m'malo mwake.
3. Lamulungu tikachoka kutchalitchi, tiyi wamkaka pansi pa mango, n'kuwerenga mathero mokweza.

Ndauza mkazi wanga, Amake Misozi. Akuti: "Nanga ng'ombe ya pachikwangwani cha abutchala ija idzijambula yokha?"

Lachiwiri, 7 Okutobala

Ng'ombe ndajambula. Abutchala aibweza.

Akuti ili ndi nsidze zazitali ndipo ikuyang'ana kutali ngati yakumbukira kwawo. "Atate, munthu akaona maso amenewa sagula nyama. Agula kabichi." Ndalonjeza kuikonza sabata yamawa. Pansi pa mtima ndikudziwa kuti ndi ng'ombe yokongola kuposa zonse zimene ndinajambulapo.

Masana onse ndili kuseri kwa nyumba, ndikujambula chithunzi chokasinthanitsa ndi cha Anaphiri. Munthu sungakachotse chinthu pakhoma la mwini n'kusiya msomali wokha. Mzimayi wovala zabuluu, nyenyezi kumutu, monga ananenera Che Amidu. Nyenyezi ndaika khumi, ndisaoneke waumbombo.

Zonyamula:

– buku, lokulunga m'chitenje chofewa cha Amake Misozi (sanadziwebe)
– makatoni awiri opyapyala opanira tsamba
– lezala latsopano
– guluu
– shuga ndi mafuta ophikira, mphatso ya Anaphiri
– sopo, poti bukuli siligwiridwa ndi manja osasamba.

Kodi kuseri kwa chitseko chija kuli chiyani? Zaka zina ndinkati kuli chipinda chodzaza ndi mabotolo, m'botolo lililonse muli phokoso limene mphepo inaba: kulira kwa belu, chifuwa cha munthu wokalamba, mluzu wa woweta mbuzi. Zaka zina ndinkati Mfumukazi ndi wogontha, ndiye amaba maphokoso kuti mwina limodzi alimve. Chaka chimene tinaika atate anga ndinkati kuseriko kulibe kanthu, mphepo yokha. Lamulungu ndidziwa. 

Amake Misozi ayang'ana chithunzi changa nthawi yaitali. Akuti: "Uyu si mkazi uja munamujambula pasaluni ya pamsika?" Si yemweyo. Uja anali ndi ndolo.

Lachitatu, 8 Okutobala

Minibasi yodzaza thothotho. Kondakitala akufuna mtolo wanga aike kumbuyo pamodzi ndi matumba a feteleza. Ndakana. Ndaufungatira pachifuwa njira yonse, mpaka amayi a pambali panga akufunsa motsitsa mawu: "Wadwala liti mwanayo?"

Kunja fumbi, minda yopsereza, mitengo yopanda masamba. Ndikatsinzina pang'ono, phulusa la m'minda likuoneka ngati chipale chofewa.

Ndafikira kwa mlamu wanga a Tembo, mlimi wa nsawawa. Moni wake: "Mlamu, zaka zisanu osapondako kuno, lero mwabwerera pepala?"

Kwa Anaphiri si kutali. Iwo kulibe, apita kukazonda wodwala. Wandilandira mpongozi wawo. Ndakhala pampando, ndafunsa za ana, za mvula, za mbuzi, maso akuyendayenda pakhoma. Msomali ulipo. Pansi pake pali malo oyera angodya zinayi pamene utsi sunafike. Ndayeza ndi maso: kukula kwake ndi kwa buku langa ndendende. Koma chithunzi palibe!

Mpongozi akuti: "Aa, cha Amayi Maria? Chili paulendo. Uno ndi mwezi wa Kolona, a mphakati timachinyamula nyumba ndi nyumba, chimagona komwe tapempherako. Chibwera kuno mwezi ukatha."

Amayi Maria!

Ine ndinakulira mumpingo wa makoma oyera opanda chithunzi ngakhale chimodzi. Mlamu ndi Mkatolika, akanandiuza zonsezi pafoni ndikanangomufunsa. Safunsa anadya phula.

Mwina si chomwecho ayi. Azimayi ovala zabuluu ndi ambiri padziko. Komabe ndafunsa kumene chagona, andilozera nyumba ya malata kutsidya kwa dambo. Ndafika thukuta lili kamukamu. Akuti changochoka kumene, chapita mudzi winawo, mukamvetsera mumva nyimbo. Ndamvetsera. Zoonadi, kutali uko mawu a azimayi akubwera ndi kupita ndi mphepo. Ndaima m'njira ndi shuga ndi mafuta m'manja mpaka nyimboyo yazimiririka.

Nsapato yakumanzere yatsegula pakamwa.

Lachinayi, 9 Okutobala

Lero linali tsiku lomata tsamba. Guluu akadali m'thumba.

Folo koloko masana. Pabwalo la nyumba ina, pansi pa mtengo. Azimayi pamphasa, abambo atatu pamabenchi, tebulo lansalu yoyera, makandulo awiri m'mabotolo, maluwa apulasitiki. Pakati pa maluwawo, fulemu yamatabwa.

Ndi iye.

Sindinamuonepo chibadwire, koma dzanja la wojambula ndikulidziwa kuposa langa. Chovala chabuluu chikuuluka chammbali. Nyenyezi zisanu ndi ziwiri kumutu. Manja otambasula, mapazi pamtambo, anamzeze akutuluka m'mikono ya chovala. Nkhope yake si yaukali monga ndinkaganizira. Ndi ya munthu amene watsegula chitseko n'kupeza mwana wozizidwa. Mawu a pansi pa chithunzi anadulidwa, koma pakona, kuseri kwa duwa lofiira, kanambala kakusuzumira: 97.

Misozi yangotuluka yokha, osapempha chilolezo. Munthu wamkulu wa zidzukulu zinayi, kulira pabwalo la eni!

Azimayi aona. Wina akunong'oneza mnzake: "Mlendoyu wakhudzidwa." Nyimbo yakwera. Wina wandipatsa kolona wake, wina wandiyalira chiguduli kutsogolo kwenikweni. Ndagwada. Mikanda makumi asanu, ine osadziwa ngakhale pemphero limodzi, ndikungogwedeza milomo. Pofika mkanda wa makumi awiri mawondo ayamba kundikumbutsa zaka zanga. Lezala lili m'thumba la malaya, pamtima penipeni, ndipo ndikudzimva ngati wakuba wolowa pamaliro.

Wotsogolera mapemphero ndi Anaphiri omwewo. Kamunthu kakang'ono, duku loyera, mawu ngati a mtsikana. Pomaliza andigwira dzanja ndi manja awo onse awiri: "Ndamva kuti munandifuna, mwana wa sukulu wa abambo. Mubwere mawa m'mawa."

Zoti ndikanene mawa:

1. "Amayi, awa si Amayi Maria." Ayi. Ndingatuluke m'mudzi muno ndi liwiro.
2. "Amayi, chithunzichi ndi cha buku langa." Buku lake analigulitsa ndi iwo omwe.
3. "Amayi, ndingobwereka kumbuyo kwake." Kumbuyo kumabwerekedwa bwanji, kutsogolo n'kutsala?

Mlamu akuseka mpaka kutsokomola: "Ndikauza alongo anga kuti mwalowa Chikatolika."

Lachisanu, 10 Okutobala

Ndapereka shuga ndi mafuta. Ndakhosomola kuti ndiyambe nambala 2. Anaphiri ayamba ndi iwo.

Akuti chinali chaka chimene mwana wawo woyamba, Yohane, anagwidwa ndi chikuku. Mvula, mitsinje yodzaza, chipatala kutali. Iwo mtsikana wamng'ono, akulira, akufuna kupemphera koma m'nyumba mulibe ngakhale kachithunzi koyang'anako. Aphunzitsi anatuluka. Pobwera anatulutsa pepala m'malaya: "Nawa Amayi, usalire." Anati alipeza kusukulu. Mwana anachira. Lero ndi bambo wadazi, amayendetsa malole.

Ndafunsa kuti chinali chaka chanji. Awerengera ndi zaka za Yohane. Giredi 4, temu yoyamba!

A Zulu! A Zulu inu! Ndiye munandigoneka patebulo, munanena kuti mwana wowononga buku ndi mdani wa dziko, lezala lake lili m'thumba mwanu? Matako anga akumbukira zonse nthawi yomweyo. Ndakwiya zenizeni, mpaka makutu kutentha. Koma ndikayesa kuwaona ali ndi chikoti, ndikuona mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu akutsegula kabati mumvula. Mkwiyo wanga sukupeza pokhala.

Anaphiri akupitiriza. Akuti Amayi a pachithunziwa anaperekeza mkwatibwi aliyense wa m'mudzi muno. Anagona pamutu pa odwala. Anali pambali pa aphunzitsi tsiku lawo lomaliza. Ansembe ena achizungu anawayang'ana kalekale, anavula magalasi, anavalanso, n'kungoti: "Pempheranibe."

Ndatulutsabe chithunzi changa cha nyenyezi khumi. Achiyang'ana mwaulemu, achitembenuza, andibwezera. "Mwajambula bwino, atate. Koma awa akuoneka ngati sanavutikepo."

Nambala 1, 2 ndi 3 zonse zathera pomwepo.

Koma tamverani! Ndikutsanzika, akuti fulemu ija yagwedera ndi kuyendayenda, misomali ikutuluka. Poti ndine mmisiri, kodi sindingawakonzere mawa m'mawa? Chithunzicho akachitenga okha chisanapite nyumba ina. Kukonza fulemu ndiye kuitsegula. Kuitsegula ndiye kuona kumbuyo. Tsamba likhale lawo, ine ndingowerenga n'kukopera m'kope. Kuona maso a nkhono n'kudekha!

Pobwerera mphepo ikuzunguza fumbi m'njira. Ndaivulira chipewa.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndasamba m'manja kawiri. Pakhonde la Anaphiri, mphasa yoyera, fulemu chafufumimba pamiyendo panga. Misomali inayi. Woyamba, wachiwiri, wachitatu.  Wachinayi.

Katoni ya sopo.

A Zulu anamata tsamba lonse pakatoni ya sopo ndi phala lachinangwa. Lonse, ngodya mpaka ngodya, mosamala monga ankachitira chilichonse. Zaka makumi asanu phalalo lasanduka mwala.

Ndalikweza kudzuwa kuti zilembo zionekere. Mdima. Ndauzira mpweya pakona kuti pafewe. Ndalowetsa nsonga ya lezala pang'onopang'ono. Kona yadzuka! Ndikuona zilembo zitatu, theka la liwu. Ndakankhanso pang'ono. Pepala lagawika pakati, zilembo zikutsalira pakatoni, ndipo kutsogolo kamng'alu kayamba kuyenda kulunjika kuphazi la Mfumukazi. Anaphiri ali pambali panga, akusenda nsawawa, akuyang'ana manja anga mondikhulupirira.

Ndachotsa lezala. Kona ija ndaimata ndi guluu amene ndinabweretsera ntchito ina.

Ndafunsa ngati aphunzitsi ananenapo zimene zinalembedwa kumbuyoku. Aganiza. "Ee, anawerenga kaye asanamate. Anaima pakhomo apo. Anaseka pang'ono, n'kuti, ‘Zatha bwino.’ Ine Chizungu sindidziwa, ndinkati akunena za mwana."

Basi. Ndabwezera misomali, ndalimbitsa fulemu, ndapukuta galasi.

Ndiye aona mtolo wanga. Ndamasula chitenje. Alizindikira: "Buku la abambo!" Sanalitsegulepo, akuti mabuku anali a aphunzitsi. Lero alitsegula, ndi manja a nsawawa, akunyowetsa chala ndi malovu patsamba lililonse. Sopo ali m'thumba, ine ndikufa pang'onopang'ono. Nkhalango, nyumba zansanja, ngalawa. Afika tsamba 81, poyambira nthano ija: mmisiri wa mabelu m'nyumba yake yogwirira ntchito, ndevu, nyundo m'manja, kamwana kamkanjo wautali kataima pambali.

Chala chaima.

"Yosefe Woyera. Ndi Mwana yemwe." Akusisita ndevu zija ndi chala. "Ndiye anali m'katoni muja nthawi yonseyi? Amayi akhala okha zaka zonsezi. Kukhala wekha n'kowawa, atate. Ine ndinadziwira pamene abambo anapita."

Sanapemphe kanthu. Atseka buku, andipatsa ndi manja awiri, abwerera ku nsawawa zawo.

Ine amene ndinaletsa ana anga kupuma pafupi ndi bokosi lachitsulo. Ine amene ndinadya zikoti zitatu ndisanalakwe. Lezala linali kale m'manja. Podula tsamba 81 silinachite phokoso n'komwe.

Fulemu yachiwiri ndapanga ndi matabwa a bokosi la tomato ndi galasi la windo losweka la mlamu. Folo koloko anyamula zithunzi ziwiri, nthungululu mudzi wonse. Andiyaliranso chiguduli kutsogolo.

Lamulungu, 12 Okutobala

Kunyumba. Kutchalitchi kwathu makoma ali mbee, ndipo lero ndaona kuti ndi aakulu.

Mmene zinthu zilili:

– nsapato: imodzi
– mawondo: a munthu wina
– ng'ombe ya abutchala: ikuyang'anabe kutali
– chithunzi cha nyenyezi khumi: mlamu wapachika m'khola la nkhuku, akuti chiziopseza akabawi
– buku lobiriwira: ndinapita nalo likusowa tsamba limodzi, ndabwera nalo likusowa awiri.

Kumbuyo kwa mmisiri wa mabelu ndi kumene kunali chiyambi cha nthano. Ndiye tsopano ilibe mutu, ilibe mchira. Mtsikana akungoyenda m'chipale chofewa, osadziwika kumene wachokera. Chiyambicho ndimachidziwa pamtima, ndipo ine sindinamate ndi phala. Wina akadzafuna kuwerenga, misomali inayi basi.

Amake Misozi apeza chitenje chawo chikununkha nimu ndi fumbi la ku Kasenengwa. Ndawafotokozera zonse ndikudikira chitonzo. Akuti: "Zikoti zija ndiye mwazigwirira ntchito tsopano." Apita kukatereka madzi.

Tiyi wamkaka pansi pa mango, monga mwa pulani. Chinthu chimodzi chokha chimene chayenda. Ndasamba m'manja, ndatsegula buku, ndawerenga mokweza, Amake Misozi akumvetsera uku akusankha nyemba. Mtsikana wawoloka mtsinje wouma ndi chisanu. Wakwera phiri. Wagogoda. Chitseko chatseguka.

Ndaima. Mphepo ikugwedeza masamba a mango.

"Kenako?" akufunsa.

Mboni ndili nayo imodzi yokha, yomwe ija inandikwapula popanda mlandu. Koma inawerenga itaima pakhomo, mwana wake ali pakati pa moyo ndi imfa, ndipo inaseka.

"Zinatha bwino," ndawauza, n'kutseka buku.